Mafupa a Abiti Mapesi

Chaka chimene ndikufuna kunena, anthu a ku Nselema amachitcha chaka cha madeya, chifukwa ndi chimene tinalanda nkhuku ndi ng'ombe chakudya chawo n'kumadya ife. Ine ndimachikumbukira ndi ng'ombe imodzi. Ndikulemba izi ndili kwathu ku Rivirivi, kumene ndinabwerera, ndipo Mulungu amene anandisunga chaka chimenecho ndiye mboni yanga.

Ku Nselema ndinapitako ndili mnyamata kukakwatira, n'kukhala mkamwini pamudzi wa akazi anga, Esinati. Abale awo onse ndi Asilamu, iwo okha ndiwo ananditsata ku tchalitchi. Anamwalira m'nyengo yozizira, titangokolola timanga tochepa tosafika ndi pakati pa nkhokwe pomwe. Mwana wathu mmodzi yekha, Lonesi, anakwatiwa ku Liwonde. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi ng'ombe.

Ng'ombeyo tinaigula ndi nandolo wa zaka zingapo. Esinati anaipatsa dzina laulemu monga amaitanira amayi kumeneko, Abiti Mapesi, poti ikaona phesi inkaiwala ndi mwini wake yemwe. Maliro atatha, alamu anga Che Jafali, mlongo wawo wa Esinati, amenenso ndi mwinimbumba, anandikhazika pansi. Ntchito yawo ndi yozinga mbuzi pamsika wa Nselema.

"Alamu, palibe akukuthamangitsani pano," anatero. "Limani chaka chino, mukolole, tidzakusudzulani mwaulemu mubwerere kwanu. Ng'ombeyo ndi thukuta lanu awiri, mudzapita nayo."

Nyumba ndi munda zinali za mbumba, ndinkadziwa. Chimene ndinkapempha kwa Mulungu chinali chimodzi, kuti ndidzafike ku Rivirivi ndi chamoyo chimene manja a Esinati anachisisita.

Okutobala

Dzuwa la Okutobala ku Nselema limaphika munthu ali chiimire. Madambo anali atapsa kale ndi moto wa osaka mbewa, ndipo ng'ombe za anthu zinkangoyenda mitu ili pansi kununkhiza phulusa. Ine nkhawa ndinalibe. Nditakolola ndinatuta mapesi onse a m'munda mwathu n'kuwaunjika pathandala, mulu wautali kuposa denga la khitchini. Odutsa ankaseka amvekere, "Akamwini awa chimanga chinawakana, koma mapesi anawavomera." Masamba a mtedza ndinawasiya kumunda, mbuzi za anthu n'kudya. Mitengo ya nandolo tinasonkhera moto pamaliro, masamba ake n'kuuluka ndi mphepo. Sindinaonepo cholakwika. Chakudya cha ng'ombe ndi mapesi, ndi mmene tonse tinkadziwira.

Mwezi womwewo Abiti Mapesi anabereka kathole kofiirira. Ndinagwada m'khola momwemo n'kuthokoza. Nditadzuka ndinatembenukira kunyumba kuti ndiitane Esinati adzaone. Dzina linafika pakhosi n'kubwerera.

Ng'ombe inkadya kwambiri. Mimba inkachita kutundumuka ndi mapesi, koma nthiti zinayamba kuwerengeka. Kenako inayamba zachilendo. Inatafuna chingwe chake, inakukuta mitengo ya khola mpaka kuyera, ndipo tsiku lina ndinaipeza ikunyambita chipupa cha khitchini, itaboola dzenje lolowa chibakera. Ndikalowa m'khola ndili thukuta kuchokera kogalauza, inkandigwira mkono ndi lilime lake lokhakhala, kunyambita kuyambira m'chigongono mpaka kuzala osafuna kusiya. Ndinkaima chete. Mumtima ndinkati nayonso yawasowa Esinati, tikutonthozana.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa pakati pa mwezi ndipo tinabzala. Kubzala ndi ntchito ya anthu awiri, wina kukumba mapando, wina kuponya mbewu pambuyo. Ine ndinkakumba mzere wonse, n'kubwerera kukaponya, n'kubwereranso kukwirira. Feteleza ndinalibe, monganso zaka zam'mbuyo. Munda wathu unali wamchenga, wotuwa, koma tinkaulima chimanga chaka ndi chaka chifukwa ndi umene unalipo.

Tsiku lina Lachisanu ndinamasula ng'ombe kuti ikadye msipu wongophuka. Amuna akuchokera ku mzikiti anaipeza pachulu cha m'mphepete mwa manda. Inali itapala dothi ndi mano, kukamwa kuli fupa, ikulikukuta ngati galu. Fupalo linali la mbuzi, ndinaliona ndi maso anga. Koma pofika madzulo linali litasanduka la munthu, ndipo kutacha ena ankanong'ona kuti ng'ombe ikufukula mbuye wake.

Che Jafali anabwera n'kutsamira khola.

"Alamu, ng'ombe yanuyi yalowa chipembedzo chanji? Chiyambire ng'ombe kudya nyama?"

"Si nyama, alamu, ndi fupa louma."

"Fupa ndi nyama mayi wawo ndi mmodzi." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Ine zolodzanazi sindizitengera, koma makutu ndili nawo. Anthu akuti pali dzanja la munthu. Ena akuti dzanjalo ndi lanu."

Lamulungu, titaweruka, ndinafotokozera a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu waung'ono. Ndi munthu woopa Mulungu ndipo anandimvera chisoni. Anati mdani akalephera kulowera pakhomo amalowera kukhola. Anabwera ndi abale ochepa, tinagwira mitengo ya khola n'kupemphera mpaka thukuta. Pochoka anandilangiza kuti ng'ombe isapondenso kumanda, isanyambitenso dothi lililonse, ndipo pakhomo pasapezeke fupa.

Ndinachita monga ananenera. Ndinaimanga ndi chingwe chachifupi pakati pa khola, kutali ndi chipupa. Ndinasesa bwalo lonse n'kukwirira tifupa tonse. Chakudya ndinkaipititsira pomwepo, mapesi ndi udzu womweta m'mphepete mwa munda. Inkakoka chingwe kuyang'ana kuchulu kuja, n'kumalira. Tonse tinkati tikuiteteza.

Disembala

Chimanga chitafika m'mawondo, kumwamba kunatsekeka. Mitambo inkasonkhana masana kumbali ya kunyanja ya Chiuta, n'kubalalika osagwetsa ndi dontho. Masamba anapotana ngati a anyezi. Ena anabzalanso, ena anangokhala pamzere n'kumayang'ana kumwamba.

Pamsika mtengo wa chimanga unkasintha munthu ukadali pamzere. Amene ankagula ndowa anayamba kugula chigoba, a chigoba n'kutsikira pa kambale. Kuchigayo amayi ankakanganirana madeya ogwa pansi. Ana ankadya mango osapsa owiritsa, ndipo ena ankapita kunyanja kukazula nyika, mizu ya m'madzi ija. Mphekesera zinali zambiri kuposa chakudya. Lero akuti magalimoto a chimanga chaulere awoloka pa Liwonde, mawa akuti akhotera kwina. Chitabweradi, ine poti ndinali ndekha anandiphatikiza kubanja la Abiti Saidi, mng'ono wawo wa Esinati, amene nyumba yawo inali kuseri kwa yanga. Iwo anali ndi ana ambiri, mwamuna ali ku Joni osamveka. Ankandipungulira gawo langa m'mbale, ine n'kulandira ndi manyazi.

Esinati ankapatsa ng'ombe madeya m'mawa uliwonse, ndipo nane ndinkatero. Mwezi umenewu ndinasiya. Madeyawo ndinkasefa n'kuphika phala langa. Ndinkadyera kuseri kwa nyumba kuti isandione.

Kuyenda kwake kunasintha. Ndikaimasula kupita nayo kumadzi inkaponda ngati pansi pali minga, msana utapindika, mfundo zikulira. Mkaka unachepa, koma kathole kankayamwabe ndipo iyo sinkakakankha. Ogula ziweto ankazungulira m'midzi ndi njinga zamoto, kusinthanitsa ng'ombe yathunthu ndi timatumba tochepa. Anafika kawiri, kawiri konse ndinawabweza.

Pa Khirisimasi Lonesi anaimba foni.

"Ababa, gulitsani ng'ombeyo mubwere kuno. Malo ogona alipo."

"Iyayi, mwanawe. Ndidzapita nayo ku Rivirivi."

"Ndiye muzifa ndi njala chifukwa cha ng'ombe?"

"Sindikufa."

Kenako anati, "Ababa, amayi sali m'ng'ombemo."

Ndinkadziwa. Ndinkadziwa kumene Esinati ali, ndipo chiyembekezo changa sichinagwedezeke tsiku ndi limodzi lomwe. Koma tsiku limenelo ndinadya therere ndekha pakhonde, kutchalitchi kukumveka nyimbo za ana, ndipo wondiyang'ana yekhayo anali Abiti Mapesi.

Januwale

Mvula inabwerera, udzu n'kubiriwira, koma ng'ombe sinasinthe. Izi ndi zimene zinandisokoneza. Ndinkaimwetera msipu wauwisi mtolo wathunthu, n'kudya wonse, koma inkanka niuma. Ndinkakumbukira ng'ombe zowonda za m'maloto a mfumu ija ya m'Mawu a Mulungu, zimene zinadya zinzake osanenepa, ndipo mantha ankandigwira.

Tsiku la msika ndinadutsa pamene Che Jafali amagulitsira nyama. Panali mayi wina wovala gambutsi akuyang'ana ziwindi za mbuzi. Anali alangizi a ziweto a dera lathu.

"Adokotala, awa ndi alamu anga aja," Che Jafali anatero. "Ali ndi ng'ombe imene ikufuna kundilanda bizinesi. Ikudya mafupa."

Mayiwo sanaseke. Anandifunsa ngati ikuyamwitsa, ngati ikunyambita dothi, ndi chimene ndikuidyetsa. Madzulo ake anafika pakhomo ndi njinga yamoto, Che Jafali ali kumbuyo. Anaigwira ng'ombe m'nthiti ndi m'miyendo, anathyola phesi limodzi pathandala, kenako anapita kumunda n'kutapa dothi, likuwapulumuka m'zala ngati shuga.

"Bambo, ng'ombeyi sinalodzedwe. Ili ndi njala."

"Njala bwanji, mayi, mimba ili chonchi?"

"Mimba ndi yokhuta, mafupa ndiwo ali ndi njala. M'dothi mumakhala michere imene mbewu imakoka, chiweto n'kuipeza m'chakudya. Ina ndi yomanga mafupa, ife timaitcha fosifolasi ndi kashiyamu. Ina ndi mchere weniweniwu. Munda uwu mwakhala mukuukolola osaubwezera kanthu. Chimene mulibe m'dothi, m'phesi simungakhale, ndipo chimene mulibe m'phesi sichingafike m'fupa. Mapesi ngakhale a munda wabwino paokha sakwanira. Pamafunika masamba a mtedza, a nandolo, madeya ndi mchere. Tsono ng'ombe yoyamwitsa ikasowa, imasungunula mafupa ake omwe n'kuika mumkaka. Kathole aka kakukula ndi mafupa a mayi wake."

"Nanga kuchulu kuja?"

"Inkafuna mankhwala. Imadziwa chimene ikusowa."

Ndinayang'ana chingwe chachifupi chija. Pomwepo ng'ombe inatambasula khosi n'kuyamba kundinyambita mkono.

"Mwaona?" anatero mayiwo. "Ikufuna mchere wa m'thukuta lanu."

Ananena mwachifundo, osadziwa chimene andichotsera. Ndinabweza mkono pang'onopang'ono.

Anandiphunzitsa chochita. Mafupa otola patchire ayi, amenewo nthawi zina amakhala ndi poizoni. Ndipeze mafupa, ndiwaotche pamoto waukali mpaka ayere, ndisinje, ndisefe, ndisakanize ndi mchere, madeya pang'ono ndi dothi la pachulu, ndiumbe ngati njerwa, iume pamthunzi, ng'ombe izinyambita. Pokwera njinga anati, "Mwachedwa, bambo, sindikunamizeni. Koma yesani."

Atapita ndinakhala pansi n'kuganiza. Kuyambira ubwana ndimamva kuti Mlengi anatiumba ndi dothi, anthu ndi zinyama zomwe. Sindinaganizepo kuti kuumbako sikunathe, kuti tsiku ndi tsiku dothi limakwerabe m'phesi kudzamanga fupa. Ng'ombe yosadziwa kuwerenga inkabwerera kumene inachokera kukapempha, ife odziwa kuwerenga n'kuimanga.

Mafupa anandipezera Che Jafali. Masiku amenewo ngakhale fupa linkagulidwa la msuzi, choncho ankatola kwa ophika pamsika atawiritsa kale. Anabwera nawo m'thumba.

"Onsewa ndi a mbuzi zozinga ine, a bisimila. Musasakanizeko zanu zija za nkhumba, mungatidetsere Abiti Mapesi."

Mchere ndinatenga wanga wa m'khitchini, wonse. Kuyambira tsiku limenelo ndiwo zanga zinali zozizira. Ndinaotcha mafupa kuseri, ndinatulutsa mtondo wa Esinati umene unali utagona chimwalirire iwo, n'kuyamba kusinja.

Sindinaganize za phokoso. M'mudzi monse munali mutapita masabata osamveka mtondo. Pasanapite nthawi ndinamva "Odi" wapansipansi. Anali Abiti Saidi, dzanja limodzi lili m'chitenje, m'mphepete mwa mbale mukuonekera.

"Tamva mtondo, alamu."

Anasuzumira. Ufa wa mafupa owotcha ndi woyera. Ndinaona maso awo akuwala.

"Ndi mafupa, alamu. Ndikupangira ng'ombe."

Anayang'ana mumtondo, anayang'ana madeya amene ndinapatula pambali, anayang'ana ine.

"Mukusinjira ng'ombe," anatero. "Ana a m'bale wawo wa akazi anu agona ndi mango."

Anatembenuka mbale ili m'chitenje momwemo. Kutacha mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa ku Rivirivi akusinja mafupa. Ana anasiya kudutsa pakhomo panga. Lamulungu ndinafotokozera a Mbewe zonse, ndipo anavomereza modzichepetsa, koma pabenchi langa anthu ankasiyabe mpata.

Febuluwale

Njerwa itauma ndinaiika m'khola. Ng'ombe inainunkhiza kamodzi n'kuigwera, ndipo ndinachita kuichotsa kuti isamalize tsiku limodzi. Chingwe ndinamasula. Patapita masiku inasiya kukukuta mitengo. Maso anayera, ndipo m'mawa wina inandilonjera ndi kulira kwake kwakale. Ndinayamba kuwerengera njira ya ku Rivirivi, poima ndi pomwetsa madzi.

Kenako kunabwera mvula yosalekeza. Khola linasanduka phala. M'mawa wina ndikutulutsa ng'ombe, mwendo wakumbuyo unaterereka. Ndinamva kulira ngati nthambi youma. Inakhala pansi m'matope, n'kuyesa kudzuka ndi miyendo yakutsogolo, n'kukhalanso.

Ndinakuwa, ndipo amuna anabwera, ngakhale amene ankandizemba. Tinalowetsa matumba ndi mitengo pansi pa mimba n'kuinyamula, koma tikasiya inkagwa. Tinaikokera pouma pansi pa mtengo wa mango. Anthuwo anathandiza ndi mtima wonse, sindingawanamizire. Koma anali anthu anjala, ndipo ndinkaona maso awo akuyenda pathupi la ng'ombe, uyu pamwendo, uyu panthiti.

Onse atapita Che Jafali anatsala.

"Alamu, ndinene pamaso panu, osati kumbali. Ng'ombe ikafa yokha, kwa ife ndi haramu. Palibe adzaikhudze m'mudzi muno. Mudzadya inu ndi a Mbewe anu ndi agalu. Ikazingidwa ikadali ndi mpweya, nyumba iliyonse ilawa."

"Idzuka."

"Insha Allah. Ng'ombe ndi yanu."

Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa uliwonse akachoka kopemphera, n'kukhala pachitsa pafupi ndi mango, kathumba kali pambali.

"Ajimwiche uli, alamu?"

"Ndadzuka. Mwabwera ndi mpeni?"

"Iyayi, ndabwera ndi moni. Mpeniwu wangonditsata."

Sanandikakamize. Ankathandiza kuitembenuza kuti isachite zilonda, n'kumapita kumsika.

Ndinapemphera masiku amenewo kuposa mmene ndinapemphererapo. Ndinkakumbutsa Ambuye za chigwa chija cha mafupa ouma chimene anaonetsa mneneri wake, mmene mafupa analumikizana n'kuimirira. Ndinkati, anga ndi a ng'ombe imodzi yokha, sindikupempha khamu. Ndinkaimwetsa madzi m'beseni, kuiikira njerwa pakamwa. Kathole kankagwada n'kuyamwa mayi wake ali chigonere.

Alangizi aja anabweranso. Anaigwira m'chiuno, ng'ombe n'kubuula.

"Fupa la m'chiuno lathyoka, bambo. Linali litapyapyala kale. Iyi sidzaimanso."

Ndinamva, koma sindinavomere. Ndinadikirabe. Ndinkadziwa kuti m'nyumba iliyonse akundiwerengera maola, kuti ikangotsirizika ndisanalole, ndidzakhala nditataya nyama ya mudzi wonse m'mwezi woipitsitsa. Moni anasiya kundipatsa. Madzulo ndinkakhala pansi pa mango, ine ndi ng'ombe, utsi ukutuluka m'nyumba zochepa zokha.

M'mawa wina Abiti Saidi anatulukira ndi mtolo wa udzu pamutu. Chiyambire tsiku la mtondo tinali tisanayankhulane. Anautula pamaso pa ng'ombe. Poweramapo ndinaona mapazi awo. Anali otupa, owala, ndipo pamene panadutsa lamba wa patapata panatsala ngalande.

"Sindinabwere kudzapempha," anatero osandiyang'ana. "Akulu anga ankaikonda."

Anapita. Ng'ombe inanunkhiza udzuwo koma sinadye. Inagoneka mutu pambali, ndipo kupuma kwake kunasintha, kunayamba kuchokera kutali. Ndinaika dzanja pakhosi pake. Sinandinyambite.

Che Jafali anali pachitsa pawo.

"Alamu," ndinatero, "mpeni uja wakutsatani lero?"

"Wanditsata."

"Musagulitse ndi kachidutswa komwe. Mugawe nyumba ndi nyumba, a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi. Munene kuti ndi sadaka ya Esinati."

Ndinamanga kathole chingwe n'kupita nako kumunda. Ndinapalira mpaka dzuwa kupendeka, ngakhale udzu wopalira munalibe. Pobwerera mudzi wonse unali kununkhira, ndipo ndinamva ana akuseka, phokoso limene ndinali nditaliiwala. Pakhonde panali mbale yovundikira. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mbaleyo, koma ndinakaipereka kwa Abiti Saidi.

Malichi

Kathole kanalira masiku angapo, kenako kanayamba kudya msipu mwamphamvu. Koma tsiku lina ndinakapeza kakukukuta mtengo wa khola, pamalo pomwe mayi wake anayeretsa. Njerwa inali itatsala kachidutswa.

Sindinauze munthu, koma khola langa lili panjira ya kuchitsime. M'mawa mwake ndinapeza fupa la mwendo pakhonde, lowiritsidwa mpaka kuyera. Tsiku linalo panali nthiti zomanga ndi luzi. Anthu anali asanataye mafupa aja, ankawawiritsa mobwerezabwereza kuti madzi anunkhireko. Tsopano ankawabweza, nyumba ndi nyumba, ena ndikuwaona, ena ndili kumunda. Che Jafali anabweretsa mutu ndi fupa la m'chiuno. Anandionetsa pothyoka paja. Linali lopepuka ngati chitsononkho, ndipo chala chinkalowa.

"Taonani mmene anadziperekera mayi ameneyu," anatero. "Tiotche, alamu. Amalize ntchito yake."

Tinaotcha. Nditatulutsa mtondo n'kugunda kangapo, ndinamva mapazi kumbuyo. Abiti Saidi anali ndi munsi wawo, ndi kapepala ka mchere.

"Tapatukani, alamu. Mwamuna kusinja ife tilipo, mukufuna akulu anga atiseke kumene aliko?"

Anaitana mwana wawo wamkazi wamkulu, n'kuyamba kusinja molandizana. Ndinakhala pakhonde kumvetsera minsi iwiri mumtondo wa Esinati. Chimwalirire iwo, pakhomo panga panali pasanamveke chotero.

Tinaumba njerwa zingapo. Kumapeto kwa mwezi mondokwa anayamba kukhwima, maungu n'kuyanga, ndipo anthu anayambanso kupatsana moni mokweza.

Meyi

Tinakolola zochepa, koma zinali zathu. Chimanga ndinasiyira Abiti Saidi, ndinangotengako cha panjira. Masamba a mtedza ndi a nandolo ulendo uno ndinaumitsa pamthunzi n'kumanga m'matumba. Abale anasonkhana, a Mbewe anapemphera, Che Jafali anayankhula mawu ondimasula monga mwa mwambo, ndipo anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Mukakafika mukakapatse moni Abiti Mafupa awa," anatero akusisita kathole. Dzinalo linakhala.

Tinakwera lole ya katundu. Pa Liwonde Lonesi anatidikira pamsewu ndi mbatata yophika. Anayang'ana kathole, anayang'ana njerwa zimene ndinakulunga m'chitenje cha mayi ake. Anangokonza mfundo ya chitenjecho kuti isamasuke. Tinawoloka Shire masana, madzi ali mbee.

Sindinafike ku Rivirivi ndi chimene ndinapempha. Ndimanena zimenezi poyera ngakhale mumpingo, chifukwa Mulungu safuna kuti timunamizire zabwino. Ndinapempha kuti mafupa aimirire, ndipo sanaimirire pansi pa mango paja. Anaimirira mwa njira ina. Njerwa zija kathole kananyambita mwezi ndi mwezi mpaka yomaliza inatsala ngati chigoba cha nkhono, ndipo miyendo yake inakula yowongoka.

Lero ndi ng'ombe yaikulu, yaberekapo kale. Ndowe zake ndimabwezera kumunda, chimanga ndimasinthanitsa ndi mtedza, ndipo m'khola simusowa njerwa. Ikapita kumtsinje n'kuyamba kunyambita gombe, ndimaisiya. Ndimakhalabe ndekha.

Madzulo ndikachoka kumunda ndimadzera kukhola. Imabwera n'kutambasula khosi, lilime lokhakhala ngati la mayi wake. Ndikudziwa tsopano kuti ikufuna mchere. Mkono ndimaupereka ndithu.